Matayala a galimoto yofiira ija

Wokondedwa mwana wanga Limbani,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko. Ine ndilipo, bondo lokha ndilo likuvutabe.

Matayala a galimoto yathu yakale ya mipando iwiri ija anang'aluka ndi dzuwa. Dzulo ndinapita kusitolo kwa a Yusufu ku boma. Iwo anati, "Achimwene, saizi 13 ikusowa masiku ano. Ikani marimu a 15 kuti isamakhule pansi mumsewu wa ku Ludzi." Ndinakana, chifukwa malemu amayi ako ankaikonda ili yofupika chomwecho. A Yusufu alonjeza kukandisakira matayalawo ku Chipata.

Nditabwerako ndinakhala m'galimotomo ndekha, popanda wondifunsa kuti ndayenda bwanji.

Chonde undiimbireko Lamulungu, ngakhale kungondiuza kuti ndalakwitsa. Mulungu akusunge.

Ndine bambo ako.