Botolo la alamu ndalikhuthula

Lachinayi, 12 Juni. Ndatopa kwambiri, koma lero sindinagonje.

Amuna anga, bambo a Tadala, akwanitsa masiku anayi osachita chimbudzi, ngakhale mpweya osatuluka. Kuyambira Lolemba asanza kasanu ndi kanayi, ndakhala ndikulemba. M'mawa kuchipatala kuno anawajambula m'mimba, ndipo adokotala anandiitana kuti ndione chithunzicho pa kompyuta. Anandilozera matumbo aang'ono atatupa pakati pa mimba, atasanjikizana ngati makwerero. M'malo otupawo munali mizere yowongoka, madzi pansi, mpweya pamwamba. Ndinawerenga mizere isanu ndi umodzi. Anati, "Mayi, njira yatsekeka. Musawapatse chilichonse pakamwa, ngakhale madzi."

Masana alamu anga, akulu awo a bambowa, anafika kuchokera ku Dambe ndi phala komanso botolo la mankhwala achikuda otsegula m'mimba. Ndinakana. Iwo anati, "Kodi mlamu, mukufuna kumupha ndi njala m'bale wathu? Udokotala munauphunzira liti, inu a Sitandade 7?"

Ndinayankha motsitsa mawu kuti, "Sindine dokotala, koma chithunzicho ndachiona ndi maso angawa. Mukathira pamwamba kumunsi kutatseka, matumbo aphulika."

Anati akandinenera kwa ankhoswe. Ndinatenga botololo n'kukalikhuthula m'ngalande iwo akuona. Ndinakhuthula lonse.

Kapaipi kotulutsa za m'mimba kamene awaika m'mphuno kakapanda kuthandiza, mawa 8 koloko akulowa ku fiyeta kukachitidwa opaleshoni. Pepala lovomereza ndasayina ndine. Alamuwo akandinenere kulikonse. Bola bambowa adzuke, mlanduwo tidzaukamba iwo ali pomwepo.