Galimoto Imene Inakunyamulani

Chia, Lachinayi m'mawa, dzuwa lisanafike pakhonde.

Amayi, mwadzuka bwanji kumeneko? Miyendo ija inasiya kuwawa?

Ndine Asiyatu. Mpunga ndayanika, nkhuku ndapirikitsa, ndiye ndati ndikulembereni zisanabwerenso. Zolemba zanga mukuzidziwa, zimayenda cham'mbali ngati nkhanu, paja sukulu munanditulutsa nokha kuti ndizikaingitsa mbalame kumunda. Musaope, sindinabwere ndi mlandu umenewo.

Kuno tilipo. Nyanja yakwera kwambiri, moti m'munda mwanu mwa kumunsi muja tsopano mukudutsa mabwato. Mpunga wa kumtunda wachita bwino, koma chinangwa china chinaolera pansi. Mbuzi yanu yakuda ija inafa ndi ukalamba. Yasiya zidzukulu zamwano ngati iyo yomwe.

Nkhani yeniyeni ndi ya Mjapani, pikapu yoyera ija imene achimwene Aliki anagula kwa munthu atapuma ntchito ku Dwangwa. Dzinalo munapereka ndinu, chifukwa lenileni lolembedwa kuchitseko cha kumbuyo linkakukanikani kutchula. Achimwene atatsogola, mukukumbuka kuti makiyi anapita kwa mwana wanga Saidi. Mwezi wathawu Saidiyo anatsala pang'ono kumugulitsa.

Ndisamunamizire mwana, chifukwa chinalipo. Kwathu kuno maliro sagona. Munthu akatisiya m'mawa kuchipatala cha ku Boma, pofika madzulo akhale ataikidwa. Ndipo dzinja likafika, pa dambo lija la pakati pa tala ndi mudzi palibe galimoto ina imene imaoloka. Ndiye aliyense akaferedwa amathamangira kwathu, wa kumzikiti ndi wa kutchalitchi yemwe. Mjapani ananyamula achimwene, ananyamula ashehe akale aja, ananyamula inu. Tsopano anthu omwewo akapukuta misozi amamuthawa. Akumutcha jeneza la matayala, kunena chithatha chonyamulira maliro. Woyembekezera sakwera, mkwatibwi sakwera, ndipo amayi a geni akuti mpunga wokwera mmenemo sugulika pamsika. Saidi amaima pamsewu tsiku lonse kuitanira matola, anthu n'kumayang'ana kumbali.

Tsiku lina anandiuza kuti, "Amayi, galimoto imeneyi anthu amaikumbuka akamalira basi. Dizilo sagulidwa ndi zikomo."



Kenako kunabwera bambo wina wa ku Lilongwe, wa nsapato zosongoka, foni kudzanja ili, ina kudzanja ili. Akuti alipo ambiri oyendayenda m'midzi kusaka mapikapu akale a mtundu umenewu. Anabwera ndi kagalimoto konyezimira, nako ka ku Japani, kuti asinthane ndi Saidi azikanyamulira anthu pa tala, ku Salima ndi ku Boma. Anamuzungulira Mjapani, akumusisita ngati ng'ombe ya pamsika, pakamwa posatseka.

"Mayi, mukudziwa chimene muli nacho apa? Anthu opanga galimoto zimenezi anayamba ndi makina owomba nsalu, kale kwambiri. Zagalimoto anazitola pambuyo. Lero pitani kuchipululu, pitani kumene kuli nkhondo, onani maambulansi athu omwewa, ndi zomwezi. Injini imeneyi imakalambitsa mwini wake."

Ndinati, "Ngati ndi yabwino choncho, bambo, mukutilandiranji?"

Anaseka. Ndinafunsanso kuti akamutenga akatani naye.

"Ine ndikufuna injini ndi giya, mayi. Thupili latha, n'lokagulitsa pa sikelo."

Pa thupi sananame. Madzi a nsomba adya pansi ponse, kumbuyo kuli dzenje loti mwana angagwerepo. Chitseko chimamangidwa ndi chingwe. Kuti adzuke amafuna amuna omukankha. Ndipo Saidi, pomva aliyense akunena kuti Mjapani safa, anangokhulupirira ngati za m'buku, oyilo osasintha chimwalirireni achimwene.

Za makina owomba nsalu zinandikumbutsa inu ndi mikeka yanu. Mwina n'chifukwa chake munkagwirizana naye, nonse ndinu a banja loluka. Ndinakumbukanso mmene munkakalipira ogula: "Tembenuzani muone kunsi, pamwamba aliyense amakongoletsa." Ndiye ndinagwada ndi mawondo anga omwewa n'kusuzumira kunsi kwa kagalimoto kaja. Amayi, mimba yake ili pansi penipeni. Nkhuku singadutse osawerama. Ndinamuuza Saidi. Iye anati ine za galimoto ndazidziwira kuti. Anagwirizana kuti bamboyo asiye kagalimotoko Saidi akayese, abwerenso sabata inayo kudzatenga Mjapani.

Tsopano mverani. Amina, mwana woyamba wa Saidi, amene munamusiya akusewera masanje, ndi mayi wapabanja, ndipo anali ndi pakati poyamba. Tinkakonza zoti apite kuchipatala akadikirire komweko, koma matenda anamuyamba masiku asanakwane. Linali Lolemba masana, mvula itagwa kuyambira m'bandakucha. Saidi anamukweza m'kagalimoto katsopano, ine ndi mayi ake a Amina kumbuyo. Mpando wofewa, nyimbo zikulira, fungo ngati sopo. Tinayenda bwino mpaka pa dambo. Pakati penipeni kanangoti phwa, n'kuzima. Madzi anayamba kulowa, kufika m'mapazi, kenako pampando.

Tinamutulutsa Amina n'kumukhazika pa chulu. Saidi anathamanga kumudzi. Posakhalitsa tinamva kukhosomola kwa Mjapani kuja mukukudziwa, utsi uli tolo, amuna omukankha akuthamanga pambuyo.

Amina atangomuona anagwira udzu ndi manja onse awiri.

"Agogo, ine ayi. Mmenemo munagona agogo aakulu. Ndikakwera sindibwerako."

Mayi ake nawo anayamba kuti mwina tifune njinga yamoto. Njinga yamoto, munthu mutu wa mwana uli panjira.

Ndinati, "Iwe Amina, tandiyang'ana. Amayi anga anakwera mmenemu atafa kale. Galimoto iyi sinaphepo munthu, imangonyamula amene ena alephera. Imene yakuika m'madzi ndi yonunkhirayo. Siya udzuwo."

Anati, "Nanga anthu akanena chiyani?"

"Anthu akubereka ndi iwe? Kwera."

Anakwera akulira. Pa dzenje paja tinaika thabwa, pamwamba n'kuyala mkeka wanu wa mizere yofiira, umene umakhala kuseri kwa mpando chikuikireni. Ine ndi mayi ake tinagwira pepala lapulasitiki pamwamba pake. Mjapani analowa m'dambo, madzi mpaka m'zitseko, anapendekeka, anabuula, ine ndikutchula Mulungu ndi inu pamodzi. Anatuluka. Pa mlatho wa Chia ogulitsa nsomba atationa anayesa maliro n'kuvula zipewa, ena kuimika manja. Sindinawalabadire. Tinafika ku Boma, anamwino anamulowetsa, ndipo ndisanamalize kufinya chitenje ndinamva mwana akulira. Wamkazi, wamng'ono thupi koma pakamwa ndi pathu.

Pobwerera, anamwino atatitulutsa, m'pamene panali nkhani. Saidi ankayendetsa pang'onopang'ono kuopa mabampu, ndipo kuno Mjapani akamayenda pang'onopang'ono kuchokera ku Boma aliyense amadziwa tanthauzo lake. Tisanafike pa mjigo amayi anali atayamba kale kulira. Ena anataya ndowa, ena akumanga mipango, wina akufuula dzina la Amina. Amuna anali atayamba kufunsana za makasu okumbira manda. Ndinaimirira kumbuyoko, mwana m'manja, ndinati, "Mukulira ndani? Bwerani muone malirowo, akuyamwa." Kulira kuja kunasanduka nthungululu pakamwa pomwepo. Amene analira kwambiri ndi omwe aja amati mpunga wathu sugulika.

Tsiku lometa mwanayo tsitsi tinamupatsa dzina lanu. Mwanaisha wabwerera pakhomo.

Bambo wa ku Lilongwe anabwera monga ananenera. Anapeza kagalimoto kake kali pansi pa mango, zitseko zonse zotsegula, mipando ikuuma. Amene anakakoka m'dambo ndi chingwe ndi Mjapani yemweyo. Ine ndinali nditakonzeka kukwera kumbuyo kwa Mjapani n'kukhala momwemo mpaka atatopa, koma sizinafunike. Saidi anayankhula yekha.

"Pepani achimwene, sitisinthanso. Njira yathu mwaiona."

Bamboyo anakalipa za mipando yake, ndipo pamenepo sanalakwe. Tinamupepesa ndi thumba la mpunga wa kilombero, ndipo amakaniko a ku Boma anakadzutsa injini yake. Ponyamuka anati tidzamufuna. Ndinati akadzabwera adzasiye nsapatozo pa tala.

Musaganize kuti zonse zatha. Amayi a geni ena akumuthawabe, ndipo Saidi nkhope imagwa akabwera madzulo wopanda kanthu. Ndinapita ndekha kwa akuluakulu a kumzikiti ndi a kutchalitchi kukawauza kuti kuyambira tsopano woferedwa azibwera ndi dizilo, ndipo akasowa mpingo wake umuthandize. Anang'ung'udza, koma avomera. Oyembekezera ena ayamba kudzafunsa mwakachetechete, amadzera kuseri kwa nyumba ngati akudzabwereka mchere. Dzenje lija awotcherera. Oyilo anasintha, wakaleyo anatuluka ngati phula, moti amakaniko anamufunsa Saidi ngati galimotoyi inamulakwira chiyani. Nsomba zamadzi ndaletsa, azinyamula zouma.

Nkhuku zabwerera pa mpunga, ndilekere pano. Kalatayi mupatse achimwene Aliki akuwerengereni, ndipo akamaliza aisunge, adziwe kuti galimoto yawo sinapite pa sikelo. Muwauzenso kuti Saidi wayamba kumva.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale pamaso sindinkanena. Mkeka wanu ndauchapa, ndaubwezera kuseri kwa mpando. Malinga ndili moyo, Mjapani sachoka pakhomo pano, ndipo tsiku langa likadzakwana ndidzabwera pa iyeyo. Simudzasowa wokuuzani. Mudzamumva akukhosomola kuchokera pa dambo, mudzasendere pang'ono.

Ine mwana wanu,
Asiyatu