Valavu Ili M'thumba Mwanga

LACHINAYI

Manijala, 08:14
mayi a guluu, ndamva kt mwachotsa valavu ya boti. zoona?

Guluu, 08:16
zoona bwana. ili m'thumba mwangamu

Manijala, 08:16
kabwezereni pompano. loweruka tili ndi ma clients 8, anachita book kalekale

Guluu, 08:19
chubu choyandamitsa boti, chakumanzerecho, chikutaya mpweya pang'onopang'ono. botilo sililowa m'madzi mpaka ndipeze pomwe chikutayira

Manijala, 08:20
ine m'mawa uliwonse ndimachidina ndi chala, chimakhala gwa

Guluu, 08:22
madzulo mumachidinako? chimakhala ngati pilo. ndiye chubu chotaya sichigona chofewa n'kudzuka cholimba bwana. pali munthu akuchidyetsa breakfast

Manijala, 08:23
musandiyankhe mwachipongwe. driver ndi mchimwene wanu, iye sanadandaulepo. eti driver?

Guluu, 08:40
achimwene akufunsanitu

Guluu, 09:55
achimwene ma tick awiri a blue ndikuwaona

Manijala, 11:02
ndikupatsani mpaka mawa 12. ikapanda kubwerera valavuyo musiye ovolosi pa ofesi. omata machubu ndi ambiri

Guluu, 11:03
ambiri ndithu. akadzabwera adzandipeze, valavu ili kwa ine

Guluu, 16:47
🎤 voice note 0:41
"Bwana, kuti musamati ndangokhala. Ndabwezera valavu, ndapopa mpaka 3 pa geji, ndapaka madzi a sopo msoko uliwonse, mozungulira valavu, pansi pa zogwirira, pansi pa mphira wa m'mbali uja. Thovu olo limodzi. Koma pofika 4 koloko geji ikuti 2 ndi hafu. Mpweya suchoka ndi ufiti, uli ndi khomo lake. Valavu ndaichotsanso, ndikupita nayo kunyumba."

LACHISANU

Achimwene, 06:31
sisi usalimbane nawo, akuchotsa ntchito. wopopa m'mawa uja ndine. ndimafika 5:30 ndi pampu ya phazi anthu asanabwere. ndimaganiza kt chikutaya ndi chigamba chako cha mwezi watha chija, ndimafuna bwana asadziwe

Guluu, 06:33
achimwene

Guluu, 06:33
muli pa group

Achimwene, 06:34
🚫 uthenga uwu wafufutidwa

Manijala, 06:35
ndawerenga kale driver. ndiye ndi chigamba chanu mayi. phokoso lonseli kubisa ntchito yanu yomwe

Guluu, 06:38
a bwana dikirani kaye, ndiyambe ndi wakwathuyu

Guluu, 06:41
🎤 voice note 0:52
"Achimwene, mwandinyoza. Masabata atatu mukupopa mobisa ngati wakuba, kundifunsa osandifunsa? Ine ndinamata matayala zaka zisanu ndi chimodzi ndisanagwire boti, chigamba changa chinayamba chakutayitsanipo mpweya liti? Ndiye mumalowa nalo m'madzi choncho, anthu kumbuyo, pampu mutabisa pansi pa mpando. Kumeneko mumati kundikonda? Mukanamira ndikanakawauza chiyani alamu, kuti munafera chigamba?"

Achimwene, 06:50
pepa sisi

Guluu, 06:51
pepa sathira mpweya. bweretsani pampuyo ndi ndowa, muzipopa ine ndikuyang'ana, poti mumaikonda

Guluu, 08:26
📷 chithunzi
chigamba changa icho, sopo mbwee, thovu zero. achimwene onetsetsani, mwina maso anga akukondera

Achimwene, 08:27
chili bho. ndagonja

Manijala, 09:10
kwatsala maola atatu

Guluu, 10:05
chubu chonse ndachisambitsa kawiri. patsala malo amodzi okha, pansi pa stika yaikulu ya kampani ija

Manijala, 10:05
stika musaikhudze

Guluu, 10:06
mwayankha msangatu lero

Manijala, 10:07
ndi ya kampani, ndinaimata ndekha. mukaing'amba ndi mlandu

Guluu, 10:09
munaimata liti bwana? poti pomwe ndinkamata chigamba changa panalibe stika

Manijala, 10:15
📞 missed call

Manijala, 10:16
📞 missed call

Guluu, 10:31
pepani manja anali ndi sopo

Guluu, 10:32
🎥 video 0:18
stika ndaimatula. onani mzere uwo, wautali ngati chala, chubu chinakhulika pa chitsulo. pakatipo kabowo ngati ka singano, thovu likungotuluka phuu phuu. mpweya umayenda pansi pa stika n'kukatulukira m'mphepete pang'onopang'ono, n'chifukwa chake sopo samaugwira

Achimwene, 10:36
iii pajatu ndi pomwe bwana anagunda jeti, pokochezera maboti paja, tsiku lija ankaphunzira kuyendetsa

Achimwene, 10:36
anati ndi penti chabe

Guluu, 10:37
chubu chilibe penti achimwene kkkk

Manijala, 10:52
ok zapezeka. matani msanga, mawa 7 boti linyamuke

Guluu, 10:58
kumata ndimata lero. ndipala ndi sandipepa, nditsuka, guluu kawiri, chigamba, kenako kudinikiza. koma guluu ameneyu amafuna masiku awiri asanaone mpweya. mukapopa mawa chigamba chimatukira pakati pa madzi

Manijala, 10:59
mayi musandiphunzitse ntchito. kachigamba kamodzi masiku awiri?

Guluu, 11:01
guluu sadziwa kt ndinu manijala

Manijala, 11:02
12 yayandikira. mukudziwa zomwe ndinanena

Guluu, 11:06
ovolosi ndikasiya pa ofesi, palibe vuto, inali yothina kale. ntchito ndikapeza ina, matayala sanathe m'misewumu. koma amene akhale pa chiwongolero mawa ndi mwana wa mayi anga, ndipo ndilibe wina. valavu sindipereka

Manijala, 11:07
driver, kaitengeni kwa mlongo wanuyo

Manijala, 11:20
driver

Achimwene, 11:34
bwana uyu ndimamudziwa kuyambira akukwawa, chinthu akachigwira sasiya. komanso ine mawa sindiyendetsa. ndapopa mokwanira

Guluu, 12:00
12 yakwana. ndibweretse ovolosi kapena ndimalize kumata? video ija eni boti sanaione, akandifunsa chomwe ndachokera sindinama

Guluu, 12:45
poti simukuyankha ndamata

Guluu, 15:30
📷 chithunzi
chigamba chagwira bwino. ndalembapo ndi choko kt OSAPOPA. achimwene ndalemba zilembo zazikulu dala

LOWERUKA

Manijala, 06:42
ma clients ndawasunthira lolemba

Guluu, 07:15
lamulungu madzulo ndipopa ndekha. lolemba m'mawa geji ikakhala pa 3 pomwe ndinaisiya, boti lipita. ikatsika olo pang'ono muwasunthirenso

Achimwene, 07:18
sisi pampu yanga ija sindikuiona pansi pa mpando

Guluu, 07:19
ili kwathu. ikugona ndi valavu