Foni ya ku George

Lachiwiri, 26 Juni 1990

Tafika kwao kwa wansembe wathu Bambo Renzo ku Italy, ife khumi a kwaya ya ku komboni ya George ku Lusaka. Tauni yonse ili m'kati mwa linga la miyala pamwamba pa phiri. Akuti analimanga kalekale poopa nkhondo. Tinjira topanikiza, motoka singapite. Anthu akationa akungokuwa "Camerun! Camerun!" Bola ya World Cup yawalowa m'mutu.

Lachitatu, 27 Juni

Bambo atiitana tisanadye. Ku Lusaka kwavuta. Unga wakwera mtengo, anthu aphwanya mashopu, asilikali akuwombera. Ena afa, maina sakudziwika. Mwana wanga Felistus ndi amene ndinamusiyira ntchito yoima pamzere wa unga. Zaka 13 chabe.

Taimba m'tchalitchi chawo. Ine mawu sanatuluke.

Lachinayi, 28 Juni

Foni ya ku parishi kwathu ikungolira, woyankha palibe. Katatu konse. Pa TV bola yokhayokha.

Atikweza pamwamba pa linga tione minda ya mphesa. Mnzanga Dyness kujambulitsa, kuseka. Ine ndafunsa Bambo kuti kwathu ndi mbali iti. Aloza. Mapiri okhaokha.

Lachisanu, 29 Juni

Ba Carla, alongo awo a Bambo, akufuna munthu wosamalira amayi awo, sayenda. Asankha ine, anandiona ndikuwakhazika pampando. Malipiro a mwezi umodzi, amuna anga ba Blackson sangawapeze pa ganyu chaka chonse. Ndakana, ndati ndili ndi ana.

Dyness akuti, "Iwe Eneless, ukabwerera ukawadyetsa chani anawo?"

Lamlungu, 1 Julayi

Foni ya ku parishi yayankhidwa! Anakawaitana ba Blackson kunyumba. Felistus ali moyo. Anamuponda anthu pothawa, dzanja linathyoka, lili mu pulasitala. Ndalira. Za ntchito ija ndawauza ngati nthabwala. Iwo anati:

"Amake Felistus, musabwere. Kuno kulibe chilichonse."

Ndati nanga ana? Apo foni inaduka.

Lachiwiri, 3 Julayi

Basi ya ulendo wobwerera kwathu yaima kunja kwa chipata cha linga. Ndawaperekeza anzanga, ine ndatsala. Dyness ndamupatsa nsapato za ana, kalata, ndi yunifomu yanga ya kwaya akapatse wina. Sindinadikire kuti basi inyamuke.

Pobwerera ndinasochera kawiri, tinjirati tikufanana. Ba Carla ndawapeza pakhomo ali ndi beseni ndi thaulo zosambitsira amayi awo. Alankhula, sindinamve kalikonse. Ndalandira beseni.