Pa Pepala Lako Ndife Mwala

Senga, Salima
12 Okutobala, 1952

Mlongo wanga Yesaya,

Ndayamba ndi moni monga anatiphunzitsira malemu mayi, ngakhale mtima sukufuna. Uli bwanji ku Kabulako, pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana? Kuno tilipo. Alamu ako akungokhalira kunyanja poti usipa wagwa chaka chino. Bambo chifuwa chawo cha kumgodi chija chikadalipo, koma si chifuwa chandilembetsa kalatayi.

Ndakwiya nawe, Yesaya. Kumeneko kaya amakutcha bwana wojambula mapulani, kwa ine ndiwe yemwe uja ndinkakubereka kumsana, ndiye umve.

Ukukumbuka kalata yako ya mwezi wa Juni? Unandipempha kuti ndikuyezere ndi mapazi malo athu onse: kuchoka pamwala wong'ambika kufika pamkuyu, kuchoka pakhomo pa bambo kutsikira kumadzi. Ndinayenda masiku atatu dzuwa lili phwee, kuwerenga mapazi mokweza, amayi anzanga akuseka kuti Enifa wazungulira mutu. Ine ndinkati sekani, mlongo wanga akufuna kumangira bambo nyumba ya njerwa. Kupusa kwanga! Sunanene kuti pepalalo ndi la mzungu.

Mzunguyo anafika mwezi watha ndi lole. Kuno tamutcha Kamiyala, chifukwa amasisita miyala ngati ng'ombe zake. Akuti miyala yakuda ya paphiri pathu inatuluka pansi pa nthaka ikuwira ngati phala, kale anthu kulibe, ndipo siipezeka pena paliponse. Akuti amanga hotela ya alendo otopa ndi tauni, azidzamvera mbalame ndi kuona mbira. Makoma akhala a miyala yomweyo, denga la udzu, zipinda zolowetsa m'mipata ya matanthwe, kuti munthu ali m'bwato asazindikire n'komwe kuti paphiri pali nyumba.

Bambo atamva anaseka mpaka kutsokomola. Anati aka n'koyamba kuona mzungu wosauka wolephera kugula malata, ndipo mvula ikadzamuvuta adzabwere adzause kwathu.

Lachiwiri lapitali kunabwera kapitawo wa ntchitoyo, a Lenard, atanyamula chipepala chachikulu. Anachiyala pamphasa ya bambo. Bambo kuwerenga satha, koma pakona anaona kansomba kaja unkajambula paliponse uli mwana, pamchenga, pasileti, ngakhale pachitseko. Anadzuka n'kuitana anthu a nyumba zoyandikana kuti bwerani mudzaone dzanja la mwana wanga. Anthu anadzaza bwalo.

Kenaka bambo anayamba kulondola ndi chala. Mwala wong'ambika anaupeza. Mkuyu anaupeza. Kanjira ka kumadzi, ngakhale kathanthwe kochapira zovala, zonse zinalipo. Umatha kujambula, zimenezo sindikumana. Chala chitafika pamalo pa nyumba yathu chinaima. Panali mwala, ndi kampando patsogolo pake.

Bambo anafunsa a Lenard kuti nanga nyumba yanga ili pati. A Lenard anayang'ana pansi. Anati papepala palembedwa mwala, pomwe alendo azidzakhala poyang'ana nyanja. Anati bwana akudandaula kuti malata athu amathobwa m'maso ndipo akuipitsa phiri, ndiye ataona pepala lopanda nyumba anakondwa nati zikhale momwemo. Malowo akuti agwera m'kati mwa malire amene boma linamubwereka. Tisamukire kuseri kwa phiri mvula isanagwe, lole atithandiza.

Zimene ndinawayankha a Lenard sindilemba, ndine mayi wa Chigwirizano. Koma iwowo ndi otumidwa chabe. Wogwira pensulo unali iwe.

Malata amenewo waiwala mmene anabwerera? Zaka zisanu ndi chimodzi bambo ali pansi pa mgodi ku Joni. Anasiyako zala ziwiri, n'kubwerako ndi chifuwa. Sitima itawatsitsira pasiteshoni ku Salima, anawasenza pamutu awiriawiri, maulendo khumi ndi awiri, mtunda wonse uja. Tsiku lokhoma, misomali unanyamula ndiwe m'malaya ako, ukudzitama kwa anzako. Mayi akudwala anakana kupita kwa achibale awo, anati akufuna kumva mvula ikulira pamalata awo. Anatsirizikira pansi pa denga lomwelo.

Ndipo kuwala kumene kukupweteka maso a bwana wakoko, asodzi onse a gombe lino amawongolera mabwato pomwepo pobwerera. Kafunse alamu ako.

Chondipsetsa mtima kwambiri n'chakuti hotelayo akufuna ioneke ngati mudzi. Udzu akugula kwa ife, mphasa akugula kwa ife, mitsuko yokongoletsera pakhonde waitanitsa kwa ife. Mbira zikhale, anyani akhale, ngakhale abuluzi ali ndi malo. Osafunika ndi anthu okha. Mzungu sindimudabwa, sanamwepo madzi pakhomo pathu. Koma iwe? Unaona kuti nyumba imene unabadwiramo ikudetsa pepala, n'kutenga labala? Manyazi ulibe? Paja amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, kapena kusukulu ya mapulani mwambi umenewu sufika?

Ndinkayembekeza kuti bambo akalipa, atenge ndodo apite kwa DC. Bwenzi mtima wanga utapepuka. Iwo anangopinda pepala lija bwinobwino n'kulibweza ndi manja awiri. Anati mwana wanga ndi wophunzira, ngati walemba kuti pano ndi mwala, akudziwa chimene akuchita.

M'mawa mwake ndinamva kugogoda. Kutuluka, ndinapeza nkhalamba ili padenga, ikuzula misomali ndi dzanja la zala zitatu lija. Uliwonse akautsitsa amauwongola pamwala n'kuuponya m'chitini. Ndinagwada, ndinalira, ndinakalipa. Anati ndisiye Enifa, sindifuna mwana wanga achite manyazi pamaso pa bwana wake, angamuchotse ntchito chifukwa cha ine.

Wamva? Akupasula nyumba yawo kuti iwe usachite manyazi.

Pamene ndikulemba pano malata asanu ndi awiri ali pansi. Chipinda cha mayi chili pamtetete. Kutsidya mitambo yayamba kuunjikana, ndipo chizimalupsa sichichedwa, iwe ukudziwa. Chifuwa chija chikanyowa ndi mvula, usadzandifunse kuti zinakhala bwanji.

Tsono pali chimene sindinauze munthu. Dzulo bambo anandifunsa kuti kodi Yesaya wakumbukira bwanji mwala uliwonse, chichokereni zaka khumi. Anati mwana uja ali ndi mutu. Sindinawauze kuti mapazi a papepalapo ndi anga, kuti ndine ndinayeza pakhomo pawo ngati woyeza manda. Ndikawapatsira madzi ndimayang'ana kumbali. Unandigwiritsa ntchito yonyansa ine osadziwa, ndipo chimenechi sindinakukhululukire.

Usatumize shuga. Usatumize bulangete kapena kalata ya Chingerezi chambiri. A Lenard anandinong'oneza kuti mbali ya kwathu maziko sanakumbe, ndiponso kuti bwana amamvera pepala kuposa munthu. Ndiye konza pepalalo. Ngati malata akumuthobwa, jambula mitengo patsogolo pake, tidzabzala ndi kuthirira tokha. Kampando kako kasunthire pathanthwe lina, miyala yatha ngati? Unapezera malo mbira, sungalephere kupezera malo bambo ako.

Ukakanika, kwera sitima ubwere udzawauze wekha, uli chiimire pabwalo, kuti unawafufuta ndiwe. Ine sindikunenera.

Nyundo yawo ndaibisa pansi pa mpunga m'nkhokwe. Akhala akuifuna kuyambira m'mawa, ndipo ndawanamiza kawiri. Anena kuti Loweruka likubwerali akabwereka ina kwa a Christopher akalipentala. Ukawerenga kalatayi udziwe kuti masiku ako ndi amenewo.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga ndi ana, iwo sanandilakwire. Bambo akuti ndikupatse moni, akuti kansomba kaja ukukajambulabe bwino. Mulungu akusunge, ndipo akubwezere maso.

Ndine mlongo wako, amene pa pepala lako ndi mwala,
Enifa