Perpetua Akubwera Lachinayi

Rockingham, Perth
21 Julaye 2025

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kwa ife tonse kuno. Kodi mukupeza bwanji kumeneko ku Bembeke, nanga mawondo aja akukulolani kufika kudimba? Ife matupi ali bwino. Bambo a Tasha akupita kuntchito ku Kwinana monga mwa masiku onse, ndipo Tasha wabwerera kusukulu lero, holide yawo yatha.

Kalatayi ndaitumiza pa foni ya achimwene a Goodwill kuti akuwerengereni. Ndikanaimba, koma ndikudzidziwa, ndikanayamba ndi kulira ndipo inu mukanaganiza kuti kwagwa maliro. Palibe wamwalira, Amayi. Komabe khalani pansi. Perpetua akubwera kumudzi Lachinayi lino, ndipo sakubwera mwa kufuna kwake.

Ndiyambire poyambira. Mwezi wa Julaye kuno ndi wa mvula ndi mphepo, ndipo ana akatsekera sukulu anthu ambiri amathawira ku Bali, chilumba cha ku Indonesia kumene kumatentha chaka chonse. Pandege ndi maola osakwana anayi. Mnzanga wa ku Zambia, Natwange, yemwe timagwira limodzi kuchipatala ku Murdoch, amapitako chaka ndi chaka. Ankandiseka kuti ife Amalawi tinawoloka nyanja zonsezi kudzangodziwa njira ya kushifiti ndi ya kutchalitchi basi. Mawuwo anandilowa. Ndinati chaka chino nanenso ndikaone, ndipo nditenga Tasha ndi mng'ono wanga Perpetua.

Ndinkafuna kumuyamikira Perpetua. Zaka zitatu anavutika ndikuona, mkati mwa sabata kusukulu ya unamwino, Loweruka ndi Lamlungu kusambitsa nkhalamba. Anakhoza, ndipo anali atapeza ntchito ya unamwino weniweni panyumba ina yosamalira okalamba konkuno ku Rockingham, yoti ayambe mwezi wamawa. Chimene chinatsala ndi viza. Ya sukulu inatha m'Malichi, iye anapempha ina yogwirira ntchito, ndipo podikira yankho boma linamupatsa kachilolezo kongokhalira, kamene kuno timati brijing'i.

Amayi, mwanayo anandifunsa kawiri ngati munthu wa brijing'i angatuluke m'dziko muno. Kachiwiriko anabwera ndi foni m'manja, atatsegula kalata imene boma linamutumizira, n'kundipempha kuti tiwerengere limodzi. Ine ndinali kusita yunifolomu. Simbi sindinaiike n'komwe pansi. Ndinamuuza kuti ndakhala kuno zaka zisanu ndi zitatu, mafomu ndalembera theka la Amalawi a mu Perth, viza ndi viza, asiye mantha achimidzi. Mukundidziwa mmene ndimayankhulira ndikayamba kudzimva. Kutchalitchi anthu amanditchula kuti loya wa ku Rockingham, ndipo dzinalo ndinkalikonda. Perpetua anangoseka n'kubweza foni m'thumba.

Chomvetsa manyazi n'chakuti masabata awiri ndinali jijirijijiri kukonza mapepala olowera ku Bali, poti mapasipoti athu amafuna chilolezo. Zonse ndinazikonza bwinobwino, n'kumadzichemerera. Za khomo lobwererera sindinaziganizire ngakhale tsiku limodzi.

Za ku Bali sindifuna kunena zambiri. Zithunzi munaziona, ndipo achimwene anandiuza kuti munazionetsa kwa amayi a Chigwirizano. Perpetua anakwera njinga yamoto, anadya zinthu zimene sitinkadziwa maina ake, ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Chibwerere chake ku Australia kuno ndinali ndisanamuonepo akuseka chonchija. Lero ndikaona zithunzizo mtima umandiwawa, ndipo ndazichotsa pa foni yanga.

Loweruka pa 12, cha kumasana, tinafika pabwalo la ndege kuti tizibwerera. Mayi wolandira okwera anatipatsa matikiti ine ndi Tasha popanda vuto. Pasipoti ya Perpetua anailowetsa m'makina katatu, kenako anaitana bwana wake. Bwanayo anaimba foni ku Australia, ife tili chiimire. Atamaliza anatiuza mwaulemu kuti mtsikanayu alibe chilolezo cholowera ku Australia, choncho sangakwere.

Ine ndinayamba kukalipa ndi Chingerezi changa chachikulu chija, anthu a pamzere n'kumatiyang'ana. Perpetua anatsegula kalata ija pa foni, anawerenga yekha, n'kundipatsa. Zinali pa tsamba lachiwiri, m'mawu oti ngakhale Tasha akanamva: munthu akatuluka m'dziko asanapemphe chilolezo china chapaulendo, brijing'i yake imathera pomwepo. Ndiye kuti inatha tsiku limene tinanyamuka ku Perth. Sabata yonse imene ankaseka ija, chitseko chinali chitatsekedwa kale.

Tsopano ndikuuzeni chimene chikundilemera kwambiri. Anayamba kuitana okwera. Tasha anali atagwira siketi ya mayi ake aang'ono, akulira. Ine ndinali ndi shifiti Lolemba, ndipo viza ya banja lathu lonse yagona pa ntchito yangayo. Perpetua anandiuza kuti ndizipita, palibe chifukwa choti tonse tivutike, iye si mwana. Ndinadikira kuti anenenso kachiwiri, ndipo ananena. Ndinakwera ndegeyo, Amayi. Mwana wanu, amene munandipatsa m'manja pa Lumbadzi kuti ndikamusunge, ndinamusiya yekha m'dziko limene sadziwa munthu ngakhale mmodzi.

M'ndege mpando wa Perpetua, wopanda munthu, unali pakati pa ine ndi Tasha. Tasha anandifunsa m'Chingerezi chake chifukwa chimene tawasiyira anti. Nditakhala chete anayesa m'Chichewa, chimene sachita kawirikawiri, poganiza kuti mwina sindinamve.

Bambo a Tasha anadzatitenga pabwalo la ndege. Anawerenga anthu otuluka, anandiyang'ana, ndipo mpaka lero sanandinene mawu oipa. Bola akanandikalipira.

Masiku asanu ndi anayi apitawa ndayenda ngati wamisala. Ndimachoka kushifiti n'kukwera sitima kupita m'tauni kwa bambo wina wodziwa malamulo a maviza, woyenera dzina la loya, osati ine. Wandiuza kuti pempho lalikulu la Perpetua silinafe, koma palibe angalonjeze kuti yankho libwera liti kapena likhala lotani. Ikhoza kukhala miyezi. Akuti tikanamufunsa tisananyamuke, nkhani yonse inali fomu imodzi. A kuntchito kuja anena kuti amusungira malo mpaka kumapeto kwa Ogasiti, kupitirira apo apereka kwa wina. Sindikuwaimba mlandu, nkhalamba zawo sizingadikire. Choncho tagwirizana kuti asakhalenso m'kachipinda ka alendo ku Bali kuyang'ana khoma, akadikirire kwanu.

Natwange wakhala akubwera kudzandipepesa, akuti pakamwa pake ndi pamene panayambitsa zonsezi. Ndamuuza kuti asadzivutitse. Iye ananena za ulendo, sananene kuti ndisawerenge kalata.

Perpetua timayankhula tsiku lililonse, koma si Perpetua amene mukumudziwa. Amandiyankha mwaulemu ngati akuyankha mlendo, kuti zonse zili bwino, wadya, ndisadandaule. Kale sankatha mawu atatu osandinyogodola. Dzulo anandiuza kuti akafika adzakuuzani kuti wolakwa ndi iye, sanawerenge mapepala ake, chifukwa safuna kuti inu ndi ine tidane. N'chifukwa chake ndafulumira kulemba. Akadzanena zimenezo musadzamukhulupirire. Iye anachita zoyenera, anafunsa mkulu wake. Amene anamugwetsa ndine.

Ndikudziwanso za kwathu. Munthu akabwera mwadzidzidzi kuchokera kunja, dzuwa lisanalowe mudzi wonse umakhala utamva kuti amuthamangitsa, ndipo aliyense amawonjezera kake. Azakhali a ku Linthipe okha adzapeka milandu itatu asanamalize kapu ya tiyi. Perpetua sanabe, sanalephere sukulu, palibe wapolisi anamugwira. Wofunsa aliyense muzimuuza kuti Margreth anapita naye kokasangalala n'kumutayitsa viza. Dzina langa lionongeke, ine ndili kutali, sindidzamva.

Pempho langa ndi limodzi. Ndikudziwa kuti ulendo wa ku Lilongwe umakuvutani, koma chonde musatume achimwene okha. Ndege yake itera Lachinayi cha m'ma wani koloko masana. Akamatuluka pakhomo paja aone nkhope yanu.

Musadabwe ndi mmene adzaonekere. Patatha zaka zitatu ndi theka, atulukira ndi kachikwama kamodzi ka m'manja. Sutikesi ya mphatso imene ankasonkhanitsa kuti adzabwere nayo pa Khirisimasi ili pansi pa bedi lake m'nyumba muno, pamodzi ndi satifiketi yake. M'kachikwamamo muli madiresi opyapyala ndi mapatapata. Ankafuna kutenga juzi ndi nsapato zotseka, ine ndinamuuza kuti azisiye, ku Bali savala zimenezo. Ndiye mumutengere juzi, Amayi, ngakhale yanu yomwe, chifukwa akubwera ku Dedza mu Julaye.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali, kwa alamu anga ndi ana onse. Achimwene, zikomo powerenga, ndipo ndikukhulupirira kuti simunadumphe mzere uliwonse pofuna kunditeteza. Bambo a Tasha akupereka moni, Tasha nayenso akuti agogo amusungire anti wake. Perpetua yekha musamupatse moni wanga, pokhapokha atafunsa za ine.

Tsalani bwino, Ambuye akusungeni.

Ndine mwana wanu woyamba,
Margreth