Waya Woyanikira Zovala wa Amayi

7 Disembala

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi chimene mukufuna kumva: Amayi ali bwino. Akudya, akuyenda, ndipo m'mawa uno andikalipira kuti nsapato zanga zalowetsa matope m'nyumba, ndiye dziwani kuti achiriratu. Pa foni paja ndinangoti zonse zili bwino n'kudula, chifukwa iwo anali pambali panga. Ndaona kuti ndilembe, nkhaniyi muimve kwa ine musanaimve kwa anthu amene ayamba kale kunena kuti mphezi inawanyamula Amayi n'kuwaponya padenga.

Mukukumbukira nsanja ya njerwa ija yonyamula thanki ya madzi, kuseri kwa nyumba imene anatipatsa pachipatala pano. Pamwamba pake pali ndodo yachitsulo yosongoka yolandira mphezi. Kuchoka pa ndodoyo, malamba awiri a kopa amatsika m'khoma, wina mbali ya kuchipatala, wina mbali ya kwathu, ndipo amakakumana pansi pa nthaka. Mphezi ikagwa imatsika m'malambamo n'kukathera m'dothi, osakhudza munthu kapena makina. Popeza zamagetsi zonse pano zili m'manja mwanga, chaka chilichonse mvula isanayambe ndimayeza njira imeneyi ndi mita. Nambala ikatuluka yaing'ono ndiye kuti magetsi akulowa pansi mosavuta.

Chaka chino inatuluka yaing'ono kuposa zaka zonse, pafupifupi theka la imene ndinazolowera. Mnzanga wa mapaipi, amene timamutcha Sipanala, anasuzumira pa mitayo n'kundimenya paphewa.

"A Mwinamwake, lero ndiye mukagona tulo!"

Eya, Achemwali, dzina lija munandipatsa tili ana linanditsatira mpaka kuntchito. Sindikudziwa anawauza ndani, koma ndikukayikira inu.

Ndinamuyankha kuti nambalayo sinandisangalatse.

"Ikakwera mumadandaula, ikatsika mukudandaulanso? Abale, mkazi wanu ali pa ntchito!"

Koma mtima wanga unakana. Dothi linali louma gwaa, ming'alu ponseponse, ndipo dothi louma limakweza nambala, silitsitsa. Ndinasintha mabatire a mita. Ndinazula zikhomo zoyezera n'kuzikhomera pena. Ndinakabwereka mita ina kwa mnzanga amene tinali naye ku koleji. Nambala yomweyo. Nditawauza abwana oyang'anira chipatala, anavula magalasi n'kundifunsa ngati ndabwera kudzadandaula kuti zinthu zili bwino. Kunyumba ndinayesa kufotokozera mlamu wanu kuti magetsi akamathawa mosavuta chonchi ndiye kuti apeza njira ina imene ine sindinawapatse.

"Ndiye ngati apeza njira, inu vuto lanu n'chiyani?" anatero. "Idyani, chakudya chazizira."

Poyeza ndimaima mbali ya kuchipatala, chifukwa mbali ya kwathu yaphimbidwa ndi mpanda wa zitsamba zaminga. Lamba wa mbali imeneyo ndinali nditamuona komaliza pamene anadulira mpandawo kumayambiriro kwa chaka. Loweruka lina masana ndinavala ovolosi n'kukwawira m'mingamo, ndikudzinena ndekha kuti mwinadi ndayamba misala.

Achemwali, ndinapeza waya. Waya wachitsulo wopanda chokutira, atamupotokola mwaluso pa lamba wa kopa uja, cha m'mutu mwa munthu. Kapotokoledwe kake ndinakazindikira ndisanaganize n'komwe: ndi mmene Amayi ankamangira chitseko cha khola la nkhuku kwathu kuja. Ndinamutsatira ndi maso. Anadutsa m'zitsamba, n'kutulukira pabwalo pathu, n'kukathera pa nsanamira yachitsulo ya pakhonde, pamene pali mpopi wa madzi. Pakati pake panali lende malaya anga a ntchito, mayunifolomu a ana ndi nsalu za Amayi.

Ndinangokhala pa mingapo osamva kubaya. Mukuwadziwa Amayi: dontho loyamba la mvula likangogwa padenga, amasiya chilichonse n'kuthamangira kukanula zovala. Imeneyo ndi nthawi yomwenso mphezi imakonda kugwa. Ikanatsika pa nsanja, gawo lina likanatsata waya ameneyu, manja awo onyowa ali pomwepo. Wayayo ndinkamuona tsiku lililonse popita kuntchito, ndinkawerama podutsa pansi pake, koma ndinkangoti wathera pa mtengo wina m'mpandamo.

Ndinawapeza pakhonde akusoka batani.

"Amayi, wamanga waya uyu ndani?"

"Ndamanga ine. Chingwe chinaduka, ndinakuuza, unati Loweruka. Kodi Loweruka lako limabwera chaka chiti?"

"Koma Amayi, mwamanga pa lamba wa mphezi!"

"Mphezi yake iti, dzuwa likuswa mtengo chonchi? Chitsulo chija changokhala chaka chonse osagwira ntchito ngati amalume ako. Ine ndachipatsa chochita."

Ndinayesa kufotokoza modekha, ndinajambula ngakhale pansi ndi kamtengo, koma anangopitiriza kusoka. Pamenepo ndinachita chimene sindinachitepo chibadwire. Ndinatenga pulayazi n'kudula wayayo iwo akuona, osadikira n'komwe kuti anule. Zovala zonse zinagwera m'fumbi. Amayi anaimirira pang'onopang'ono.

"Ndinakutumiza ku koleji kuti uzidzagwetsa zochapa zanga?"

Tsiku lomwelo ndinakumba dzenje kutali ndi nsanja, ndinazika mtengo wouma, n'kumanga chingwe cha nayiloni kuchokera pa mtengo wa mapeyala uja. Ku lamba kuja ndinadula waya pafupi penipeni, kunangotsala kachidutswa kotalika ngati chala, chifukwa anamanga molimba moti kumasula ndi pulayazi kukanakanda kopa. Nditayezanso, nambala inabwerera pamene imakhala zaka zonse. Sindinasangalalepo ndi nambala yokwera ngati tsiku limenelo.

Koma kunyumba kunazizira. Amayi anasiya kundilankhula. Ankadutsira kwa mlamu wanu ine ndili pomwepo: "Muwauze a injiniya kuti madzi osamba atentha." "Muwafunse a injiniya ngati supuni iyi ilibe mphezi." Ana ankaseka mpaka kutsamwa. Ine ndinkaseka nawo, koma mumtima ndinkadzifunsa ngati sindinawachititse manyazi amayi anga pa chinthu chimene mwina sichidzachitika.

Mvula yoyamba inabwera Lachitatu lapitali masana. Ndinali mu labotale, chifukwa mphepo inkagwedeza mawaya a mumsewu ndipo magetsi ankangoti kuwala, kuchita mdima, kuwalanso. Zimenezi makina amadana nazo kuposa kuzimiratu, ndiye ndinkafuna kuyatsa jenereta mafiliji a magazi ndi katemera asanawonongeke. Ndinamva madontho oyamba padenga, ndipo nthawi yomweyo ndinaganiza za Amayi. Ndisanafike pachitseko, kunja kunayera mbee, bingu n'kuphulika pamodzi ndi kuwalako, osasiya mpata. Mawindo ananjenjemera. Ndinadziwa kuti yagwa pa nsanja.

Sindikukumbukira mmene ndinadutsira mpanda. Ndinawapeza atakhala m'matope pansi pa chingwe cha nayiloni chija, atakumbatira zovala pachifuwa, maso ali tong'o, mvula ikuwakhuthukira. Kuseri kwawo zitsamba za pafupi ndi nsanja zinkafuka utsi.

"Amayi! Amayi!"

"Usakuwe, ndili moyo," anatero. Kenako anagwira khutu. "Ayi, kuwa ndithu, sindikumva bwino."

Ndinawabereka mpaka kuchipatala, akukana njira yonse kuti anthu awaona, komanso osataya ngakhale sokosi imodzi. Adokotala anawapima mtima, maso ndi makutu. Anangopeza kuti anadzipweteka pang'ono m'chiuno pogwa ndi mantha, ndipo kulira kwa m'makutu kwayamba kale kutha. Mphezi sinawakhudze. Inatsika m'malamba ake n'kulowa pansi monga ndinaikonzera.

Nditatsimikiza kuti ali bwino ndinakazungulira mabokosi a magetsi. Tizida tija ndinavutikira kuti tiikidwe, timene timameza magetsi akabwera mopyola muyezo, tinali titasintha mtundu pa timawindo take, kuchoka kobiriwira kupita kofiira. Tinapsa ito m'malo mwa makina. Mafiliji ankangolira monga mwa masiku onse, ndipo m'chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane makina owafunditsa sanaphethire n'komwe. Ndinalowa m'kachipinda ka jenereta, ndinatseka chitseko, ndipo ndinalira ngati mwana, koma zimenezi musawauze alamu. Potuluka ndinakumana ndi Sipanala. Anandiyang'ana m'maso n'kunamizira kuti sanaone kanthu.

"A Mwinamwake," anatero, "kuyambira lero mukangoti mwina, ine ndiziyamba kuthawa."

Mvula itakata ndinakwawiranso m'mpanda muja. Kachidutswa ka waya kaja kanali katasungunuka, nsonga yake itaundana ngati kambewu ka nyemba. Ndinakachotsa n'kukawaikira Amayi m'dzanja. Anakatembenuza, anakatembenuzanso, anayang'ana ku nsanja, kenako ku nsanamira ya pakhonde. Pomaliza anandilankhula ine mwini, osadutsiranso kwa mlamu wanu.

"Chingwe chako chija chikugwa pakati. Ukachikoke."

Kachitsuloko sanandibwezere. Akaika m'kachitini kawo ka masingano.

Tsopano ndili ndi zopempha. Mukawerenga kalatayi mutuluke mukaone chingwe chanu choyanikira, ndipo musangoona pakati monga ndinkachitira ine, mukachitsatire mpaka kumene chathera mbali zonse ziwiri. Kukayamba mabingu muzizula wailesi yakanema ndi filiji kukhoma, ndipo zovala zizinyowa, zidzauma. Alamu akaseka, asiyeni aseke. Chinanso, Amayi akuti ndisakuuzeni kuti anagwa. Akuti anangokhala pansi kuti apume. Mukaimba foni mugwirizane nazo.

Mlamu wanu akupereka moni, akuti tsopano ndikudya chakudya chisanazizire. Ana akufunsa kuti azakhali abwera liti. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Ndawafunsa Amayi ngati ali ndi mawu oti ndilembe, ndipo ati, "Umuuze kuti ndili bwino, ndiponso asiye kumuseka mlongo wake." Atatero atuluka msanga ndi beseni.

Pamene ndikulemba pano ndikuwaona pawindo, akuyanika malaya anga pa chingwe chija, akung'ung'udza nyimbo. Kumwamba kulibe mtambo ngakhale umodzi, ndayang'ana kale. Komabe cholembera ndikungochiika pansi kuti ndiwayang'ane.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Mwinamwake